AToto ndi Anang'omba Oswa Magalasi

Apongozi anga dzina lawo lenileni lilipo, koma mukalitchula m'tauni mwathu anthu amangoyang'anana. Mukati aToto, aliyense amakulozerani njira: kumapeto kwa mseu wafumbi, kupitirira chigayo, pamene pali mlambe waukulu ndi shedi ya malata. Kuseri kwa mpanda wawo kulibenso nyumba, kwangokhala tchire louma la minga ndi udzu wofiirira mpaka kumene maso alekezera.

Dzinalo analipata amuna awo atamwalira. Malemuwo anali oika magalasi m'mawindo, ndipo maliro atangotha, abale awo anabwera ndi ngolo kudzatenga zipangizo: tebulo lodulirapo, marula achitsulo, makwerero ndi kachitsulo kodulira magalasi. Ankati mkazi azitani nazo. Apongozi anga anakhala pakhomo la shedi, miyendo atatambalala, nangoti, "Toto." Anawanyengerera, anawaopseza, anawakumbutsa kuti pabanjapo anachita kubwera. Yankho linali lomwelo mpaka ng'ombe za pangolo zinayamba kulira ndi ludzu. M'mawa mwake anavala ovolosi ya malemuwo, anaipinda m'miyendo, napita kukamaliza mawindo a sitolo ina amene amuna awo anawasiyira panjira.

Ntchitoyo anaiphunzira pogwirizira magalasi amuna awo akamadula. Poyamba anthu sankawakhulupirira. Munthu ankafika pashedi, n'kuwaona, n'kufunsa kuti, "Kodi abambo ake a pano ali kuti?" Iwo ankayankha kuti, "Ali kumanda. Ndikawadzutse, kapena mundiuza muyeso wa windo lanu?" Pang'ono ndi pang'ono mawindo a kusukulu, a kuchipatala ndi a m'masitolo anadutsa m'manja mwawo. Manjawo ali ndi zipsera zing'onozing'ono zoyera ngati anawalemba ndi singano.

Ine ndinabwera pakhomopo nditakwatiwa ndi mwana wawo mmodzi yekhayo, amene amayendetsa lole ndipo panyumba amafikapo ngati mlendo. Ndine telala. Makina anga ndinawaika pakhonde moyang'anana ndi shedi, choncho tsiku lonse tinkaonana, iwo akudula, ine ndikusoka. Sankanditchula kuti mpongozi. Ankati atelala, ndipo akapsa mtima ankati atelala inu.

M'mawa wanga woyamba pakhomopo ndinadzidzimuka ndi kulira kwina kwakuya, ngati munthu akumenya mgolo wopanda kanthu chapatali: hu, hu, huhu. Wina ankayankhira chapansipansi. Nditasuzumira panja ndinaona mbalame zakuda bii, zazikulu ngati nkhukundembo, zikuyenda mosathamanga m'mbali mwa mpanda. Kumaso ndi pakhosi zinali zofiira psu, milomo yaitali yopindikira pansi, ndipo imodzi itanditembenukira ndinaona kuti ili ndi nsidze zazitali zoti mtsikana angazisirire.

"Amayi, panjapa pali zinthu."

"Si zinthu, ndi anang'omba. Muwapatse moni, ndi eni malo. Ife tinachita kuwapeza."

Musaganize kuti ankawakonda ngati mmene ena amakondera mphaka. Ankawatcha anansi amwano, ndipo chifukwa chake chinalipo. Nang'omba wamwamuna akadziona pagalasi amayesa kuti mdani walowa m'dera lake, ndiye amamenya ndi mlomo mpaka mdaniyo atasowa. Chaka chimene anayamba kugwira ntchito okha, apongozi anga anasiya magalasi atsopano atawatsamiritsa kunja kwa shedi n'kupita kukayeza mawindo. Pobwera anapeza onse ali phwanyu, nang'omba wamkulu ataima pakati pa zidutswa, magazi ali chuchuchu kumaso, akudzitukumula ngati wapambana nkhondo. Anamuthamangitsa ndi mpini mpaka kutchire, kenako anakhala pansi n'kulira. Kuyambira tsiku limenelo galasi lililonse pakhomopo limafunda chiguduli, ndipo mawindo a nyumba ali ndi waya kunja.

Komabe ankawadziwa mmodzimmodzi, ndipo nane ndinayamba kuwadziwa chifukwa telala maso ake sakhala pansalu pokha. Anali asanu. Wamkazi anali mmodzi, wodziwika ndi kachigamba kabuluu pansi pa mlomo. Enawo anali aamuna: bambo wake wa banjalo ndi ana ake akuluakulu amene sanachoke pakhomo. Tsiku lonse ankayenda wapansi m'tchire, atatalikirana pang'ono ngati anthu ofunafuna chinthu chotayika, akutola ziwala, abuluzi, zinkhanira, nkhono ndi mbewa. Njoka ankaizinga onse, uyu kuijompha uku, uyo uko, mpaka itafooka. Kuuluka ankauluka mwa apo ndi apo, ndipo pamenepo m'pamene munkaona kuti kunsonga kwa mapiko kuli nthenga zoyera mbee.

Mvula ikayandikira, aamuna aja ankayamba kututa masamba ouma kupita nawo kumphako ya mlambe, pamwamba pamene nthambi ziwiri zazikulu zimasiyana. Wamkazi ankalowa mmenemo n'kukhala, ndipo onse ankamudyetsa, iye ndi mwana akaswa. Zinkandiseketsa kuona nang'omba atanyamula buluzi, chule ndi chiwala pamlomo umodzi, akaona china n'kutula zonse pansi, kugwira chinacho, n'kuyambanso kulongedza. Apongozi anga ankati, "Onani amuna awo, atelala. Anu aja anabwerapo ndi chiyani ulendo watha, kupatula zovala zakuda?"

Chimodzi chokha sankawakhululukira. Nang'omba amaikira mazira awiri, koma amalera mwana mmodzi. Wachiwiri amaswa mochedwa, ali wamng'ono, ndipo chakudya chonse chimathera kwa wamkulu. Chaka china, ine ndisanabwere, anakwera makwerero n'kukapeza kamwanako kali lefu pakona. Anakatenga, anakaika m'katoni, anakadyetsa ziwala ndi zala zawo, koma kanafera pamiyendo pawo. Akuti anapita kukaima pansi pa mlambe n'kuwazazira: "Mumaberekeranji awiri ngati pakamwa mumadziwa pamodzi?" Ndiponso saswa chaka chilichonse. Pamadutsa zaka mwana wina asanatuluke m'mphakomo, ndipo akatuluka amayenda ndi makolo ake zaka zinanso asanafiire kumaso.

Zinthu zinasintha pamene munthu wina wa maminibasi anagula malo oyandikana ndi athu n'kumangapo holo ya maukwati. Inali nyumba yaikulu, ndipo khoma loyang'ana kwathu linali la magalasi okhaokha, akuda onyezimira, kuchokera pansi mpaka kudenga. Munthu ukamadutsa unkadziona thupi lonse, mlambe wathu uli kumbuyo kwako. Ntchito ya magalasiyo sanawapatse apongozi anga. Anakatenga anyamata a mumzinda ovala zipewa zachikasu.

Ndinawafunsa kuti, "Amayi, simukawauza za anansi athu aja?"

"Anandifunsa? Wadutsa pashedi pano kangati osandipatsa ndi moni yemwe? Aone yekha."

Anaonadi. Anyamata a zipewa aja atangopakira, m'mawa wina tinamva kugogoda, kenako phokoso ngati mbale zagwa pa thandala. Apongozi anga anaseka mpaka kugwira tebulo. Galasi lachiwiri linasweka sabata isanathe, lachitatu pambuyo pake. M'tauni munamveka mphekesera yoti aToto anaweta mbalame zowapezera ntchito. Atamva anati, "Akanakhala ondimvera, ndikanawatuma kwa alamu anga kalekale."

Mwini holo anabwera yekha, atavala nsapato zosongoka zimene fumbi la pakhomo pathu silinazichitire ulemu. Anaima pakhomo la shedi osalowa.

"Mayi, mbalame zanu zandimaliza."

"Zanga? Mwaona ndazimanga chingwe?"

"Zimagona mumtengo wanu. Tiyeni tigwetse mtengowo, zipite kwina. Anyamata ndi makina ndibweretsa ine. Kagawo kameneko ndigula, ndikufuna poimika magalimoto."

Apongozi anga anapitiriza kulemba galasi ndi kachitsulo kawo, analithyola bwinobwino m'mphepete mwa tebulo, kenako anadzutsa mutu.

"Toto."

"Simunamve n'komwe mtengo wake."

"Mtengo wake ndi umene mukuuona uko. Tchingani magalasi anuwo. Nang'omba akapanda kudziona samenya."

"Ndimange holo yonyezimira kuti ndiiphimbe ndi ziguduli ngati khola la nkhuku?"

"Ndiye muzisesa."

Amuna anga atabwera ku ulendo, mwini holo anawapeza kumsika n'kuwadyetsa mawu okoma. Madzulo ake, tikumwa tiyi pakhonde, anayamba mozungulira.

"Amayi, munthu uja sanalankhule zoipa. Mukukula. Makwerero muzikwera mpaka liti? Ujatu ndi mtengo chabe."

"Iwe, lole imene umayendetsa ija ndi yako?"

"Ayi, ndi ya bwana."

"Ndiye sudziwa kukhala ndi chinthu. Pano palibe bwana. Ndikafa udzagwetse, udzaikepo magalimoto a anthu ovina. Ndikadali moyo, uzipondapo bwino."

Amuna anga anandiyang'ana kuti ndiwathandize. Ine ndinayang'ana m'kapu.

Mvula yoyamba inagwa, yochepa, yongonyowetsa fumbi. Wamkazi analowa m'mphako, ndipo patapita nthawi tinayamba kumva kulira kwa mwana aamuna akafika ndi chakudya. Magalasi a holo anapitiriza kusweka, chifukwa nthawi yolera nang'omba wamwamuna amalusa kuposa kale.

Tsiku lina m'mawa ndikukataya madzi kuseri ndinapeza akhwangwala awiri atafa pansi pa mpanda. Chapatsogolo panagona galu wa aneba athu, mayi wogulitsa tomato, thovu lili kukamwa. Ndinathamanga kukaitana apongozi anga. Tinatsata mpanda wa holo, ndipo m'udzu tinapeza matumbo a nkhuku atamwazidwa apa ndi apo, owazidwa timibulu takuda. Nang'omba wamkulu, bambo wake wa banja lija, anali gone chammbali, miyendo itauma, phiko limodzi litatambasuka. Wina wamng'ono ankadzandira chapafupi, akugwa n'kudzuka. Dzuwa lisanafike pamutu nayenso anali atafa.

Mlonda wa paholo, bambo wachikulire wa jekete long'ambika pachigongono, anaima pageti chipewa chili m'manja.

"Ndinatumidwa, mayi. Ndili ndi ana."

"Ana anuwo amasewera kuti?" anamufunsa apongozi anga.

Apongozi anga sanalire, sanatukwane. Anatenga fosholo, anatola matumbo onse mpaka kachidutswa komaliza, anakumba dzenje lakuya n'kuwakwirira pamodzi ndi akhwangwala ndi nang'omba wamng'ono uja. Wamkuluyo anamukweza pa wilibala.

"Atelala, valani nsapato."

Tinalowa pageti la holo mlonda akungotiyang'ana. Mkati munali mwini holo akuonetsa malo kwa anthu amene ukwati wawo unali pafupi: mnyamata, mtsikana ndi amayi awo onse awiri. Kutsogolo kunali tebulo lalitali loyalidwa nsalu yoyera. Apongozi anga anayendetsa wilibala pakati pa mipando, gudumu likulira, ananyamula mbalameyo ndi manja awiri n'kuigoneka pansaluyo. Mutu unalendewera m'mphepete.

"Uyu anandiswera magalasi inu musanagule minibasi yoyamba," anatero. "Ndinamuthamangitsa ndi mpini, koma sindinamuphe. Mkazi wake ali mumtengo umo ndi mwana. Mwapha wodyetsa. Mudyeni, ndi wanu."

Mtsikana uja anagwira pakamwa. Mmodzi wa amayi aja anafunsa kuti kodi chakudya cha ukwati chidzaphikidwa pamalo pomwe pali poizoni. Mwini holo anayamba kukuwa kuti tituluke, ndipo tinatuluka, wilibala ili yopanda kanthu.

Ndinkayesa zathera pomwepo. Titafika kunyumba anatsegula thumba la laimu, anasungunula m'ndowa ziwiri, anandipatsa imodzi. Dzuwa lili pamutu, anthu akuona, tinabwerera. Iwo anayambira kumanzere, ine kumanja, ndipo tinapaka magalasi onse a khoma lija kuchokera pansi mpaka m'mapewa. Ine ndinkapaka mothamanga moti laimu wambiri anathera pa diresi langa. Iwo ankapaka mosamala, mzere ndi mzere, ngati wawalemba ntchito. Anang'omba awiri otsala aja anabwera chakumadzulo, anayenda m'mbali mwa khomalo, anasuzumira, sanaone mdani, napitirira. Koma ife sitinawaone. Anatiuza ndi mlonda, chifukwa nthawi imeneyo tinali kupolisi.

Anatikhazika pa benchi m'chipinda cha tebulo limodzi ndi kabati yachitsulo yosatsekeka. Wapolisi wamkulu anali munthu wotopa, wooneka kuti sankafuna nkhaniyo.

"Mayi, pamsinkhu wanu? Mwalowa pamalo a mwini, mwaononga katundu. Pepesani, mukatsuke, tizipita kunyumba tonse."

"Toto."

"Ndikutsekerani m'chitokosi."

"Nditsekereni. Laimu amachoka ndi madzi. Amene wafa uja mumudzutsa ndi madzi? Polemba za laimu mulembenso za poizoni. Ngati pepala lachepa, mpongozi wangayu akagula lina."

Kanali koyamba kunditchula mpongozi, ndipo ndinaiwala kuopa kwa kanthawi.

Wapolisiyo anati mbalame si munthu. Iwo anati sananene kuti ndi munthu. Anakangana choncho mpaka panja panamveka phokoso. Anali mayi wa tomato uja, atanyamula galu wake m'thumba, kumbuyo kwake kuli amayi ena a mumseu wathu, ena ndi ana kumsana. Mdzukulu wake wokwawa ankasewera tsiku ndi tsiku m'udzu womwewo, ndipo m'mawa umenewo anamulanda kanthu m'manja asanakaike kukamwa. Anakhuthula galuyo pakhonde la polisi n'kunena kuti sachoka mpaka aone amene anamwaza matumbo.

Mwini holo atafika anapeza khonde ladzaza. Mawu ake anali atatsika. Wapolisi anamulowetsa m'chipinda momwe tinali n'kutseka chitseko, ndipo anamuuza mosabisa kuti mlandu wa laimu ndi waung'ono poyerekeza ndi wake. Anagwirizana kuti sipakhala mlandu mbali zonse, poizoni asadzaonekenso, galu alipidwe, ndipo magalasi a m'munsi atchingidwe ndi neti yobiriwira ija yotchingira mbande kudzuwa, yoti azichotsa tsiku la ukwati, poti tsiku limenelo phokoso lokha limathamangitsa mbalame.

"Ndipo laimu uja akatsuke okha," anatero mwini holo.

"Atsuke amene akufuna kudziona nkhope," anayankha apongozi anga, nadzuka.

Amene anatsuka ndi mlonda uja. Apongozi anga anamuona akuvutika ndi kasanza, anamubwereka burashi yawo, namutumizira tiyi. Neti anagula mwini holo akung'ung'udza, ine ndinaisoka m'mphepete n'kuika zokolowekera. Kuchokera pamenepo palibe galasi linaswekanso. Apongozi anga sananenepo kuti akanalankhula holo ikumangidwa mwina zinthu sizikanafika pamenepo. Koma kuseka kumene ankaseka galasi likasweka sindinakumvenso, ndipo nkhani ya tsiku limene galasi loyamba la holo linasweka, imene ankakonda kufotokozera makasitomala, anaisiya.

Vuto linatsala mumtengo. Odyetsa anali awiri okha, mvula inadula, ndipo tchire linauma msanga. Mwana ankalira nthawi yaitali. Apongozi anga anayamba kudzuka m'mamawa kukagwira ziwala zisanathe kuuluka, anatchera misampha ya mbewa kuseri kwa shedi, n'kumaika zonsezo m'beseni pansi pa mlambe. Anang'omba ankalizungulira besenilo, kuliyang'ana ndi diso limodzi, n'kupita.

"Onyada inu! Matumbo a poizoni munadya, zanga mukukana?"

Akhwangwala ndiwo ankadyerera. Kenako apongozi anga anasiya beseni n'kumangomwaza m'udzu, iwo n'kubisala m'shedi. Tsiku lina ndinaona mmodzi akutola mbewa, akuigwedeza, n'kuulukira nayo kumphako. Ndinawakodola. Anayang'ana pang'ono, nabwerera kutebulo ngati sanaone kanthu, koma madzulo ake anawonjezera misampha.

Mwanayo anatuluka mvula itatha. Anali wamkulu kale ngati makolo ake, koma wa nthenga zofiirira ndi nkhope yotuwa, wopanda kufiira kulikonse. Anatera pansi mwaphuma, anadzandira, nayamba kutsatira amake akulira ngati sanadye chibadwire. Apongozi anga anaima manja ali m'chiuno.

"Kunyansa ngati bambo ake," anatero, ndipo tsiku limenelo sanadule galasi lililonse.

Holo inayamba kugwira ntchito. Loweruka lililonse masipika ankagunda mpaka malata a shedi ankanjenjemera, magalimoto ankadzaza mseu, ana ankaponya miyala mumlambe. Mvula yotsatira itafika, anang'omba sanatute masamba. Chaka chinacho chimodzimodzi. Ankadutsabe nthawi zina, anayi, wotuwa uja ali pambuyo, koma kulira kwawo kwa m'mawa tinkakumvera kutali m'tchire.

Mwini holo anaona mpata. Anatumiza anyamata awiri ndi makina ochekera mitengo, ndi uthenga woti poti mbalame zachoka, chokanira palibenso, ndipo nthambi ina ikulendewera kumalo ake. Apongozi anga anandiitana, tinanyamula tebulo lodulirapo kulichotsa m'shedi n'kukaliika patsinde pa mlambe, pansi pa nthambi imene ankanenayo. Anayala galasi lalikulu, anayamba kuyeza.

"Chekani," anatero. "Koma ikagwa igwera ine."

Amuna anga anali pakhomo tsiku limenelo. Anakhala pakhonde nthawi yaitali akuyang'ana. Kenako anadzuka, analiza lole, anaibweza chammbuyo n'kuimika mopingasa pakati pa mlambe ndi mpanda wa holo, anatseka zitseko, makiyi n'kuwapatsa amayi awo. Anyamata aja anakhala pamthunzi wa loleyo, anapempha madzi akumwa, anamwa, napita. Tebulo silinabwererenso m'shedi. Mpaka lero ntchito timagwirira pansi pa mtengo, mvula ikabwera timafunditsa lona.

Ndati timagwirira chifukwa maso awo anayamba kuchita khungu, ndipo anandiphunzitsa kudula. Amati telala ndi woika magalasi ndi amodzi, kungoti galasi silisokedwa ukalakwitsa. Iwo amayeza ndi zala, ine ndimalemba mzere, kuthyola amathyola okha. Makwerero tinakawabisa kunyumba kwa mayi wa tomato kuti apongozi anga asamakwerenso, ndipo iwo anakhala osandilankhula mpaka Lamulungu.

Holo ija sinakhalitse. Wina anamanga inzake pakati pa tauni, pafupi ndi tchalitchi, maukwati n'kusamukira kumeneko. Ya kwathuyi inasanduka mosungira simenti, ndipo khoma la magalasi analigumula n'kumanga la njerwa. Mwini wake anatha zaka akudutsa pageti pathu nkhope itayang'ana kwina.

Mwezi watha anabwera. Imvi zinali zitamera, nsapato zinali wamba. M'manja ananyamula chithunzi cha m'felemu chokulungidwa m'thaulo: mayi wokalamba atakhala pampando, galasi lake litang'aluka pakati.

"Ndi mayi anga," anatero. "Tinawaika m'manda mwezi wapitawu. Chinagwa tikusuntha katundu. M'tauni muno wodula kagalasi kakang'ono chonchi palibenso."

Apongozi anga analandira chithunzicho, anachiyandikitsa kumaso, anachiyang'ana nthawi yaitali.

"Ndinkawadziwa. Ankagulitsa mafuta a nyale pafupi ndi chigayo. Pepani."

Anachotsa zidutswa ndi zala zawo, anapukuta fumbi pachithunzi ndi nsonga ya mpango, anasankha galasi labwino pa mulu. Ine ndinatambasula dzanja kuti ndilembe mzere, koma anandikankha pang'ono ndi chigongono.

"Ili ndidula ndekha. Bambo, gwirani rula apa."

Mwini holo anawerama, anagwira rula ndi manja onse awiri. Anakhosomola.

"Mayi, zakale zija tiyeni tiziiwale."

"Galasi ndikudulirani, poti mayi anu sanandilakwire. Kuiwala sindinakulonjezeni. Gwirani zolimba, mundipindira mzere."

Anagwira zolimba. Kachitsulo kanayenda kamodzi kuchokera uku kufika uko, galasi linathyoka mowongoka, ndipo linalowa m'felemu popanda kulikakamiza. Anakulunga chithunzicho m'thaulo muja, anamupatsa, namuuza kuti akachipachike ndi misomali iwiri, osati umodzi.